Tizitsulo ta m'kolala ya shati: ndakhutira nato

Ndimavala shati ndi tayi masiku onse a ntchito, ndipo chimene chinkandisowetsa mtendere ndi nsonga za kolala. M'mawa ukasita zimakhala bwinobwino, koma pofika masana zapindikira m'mwamba, makamaka kunja kukatentha. Timapulasitiki tolimbitsa nsongazo timene timabwera ndi shati sitichedwa kukhota, ndipo tikakhota kolala nayo imatengera momwemo.

Ndiye ndinagula tizitsulo tosachita dzimbiri, tolowetsa m'timatumba ta kuseri kwa kolala. M'paketi munali ta misinkhu itatu, kuyambira masentimita pafupifupi 5 mpaka 7, ndipo apa mpamene ndawayamikira kwambiri opanga. Makolala safanana. Kachitsulo kakafupika, nsonga imapindikabe kumapeto kwake. Kakatalika, kamatulukira pamene kolala imapindira n'kumakanda khosi. Shati iliyonse muiyese payokha mpaka mupeze kamene kakufika kunsonga kwenikweni koma osaonekera. Mukakapeza, kolala imagona mowongoka tsiku lonse chifukwa chitsulo sichikhota ndipo chili ndi kulemera pang'ono. Ngakhale ndimasule tayi madzulo, nsonga sizidzuka.

Chondidandaulitsa n'chakuti tizitsulo tina m'mbali mwake sanasalaze mokwanira. Pa shati ya nsalu yopyapyala ndimalowetsa mosamala, kuopa kuboola kathumba. Opanga akonze zimenezi.

Muzitichotsa musanachape ndiponso musanasite. Simbi yotentha ikadutsa pamwamba pa kachitsulo imasiya chidindo chonyezimira pansalu, ndipo sichichoka msanga. Ine ndimasita kolala kuyambira kuseri, kuchokera kunsonga kupita pakati kuti makwinya asaunjikane kunsonga, kenako ndimalowetsa tizitsulo n'kupachika shatiyo nditamanga batani lapamwamba.

Musanagule, tembenuzani kolala muone ngati timatumbato tilipo. Mashati amene nsonga zake zimamangidwa ndi mabatani sasowa tizitsulo, ndipo ena timapulasitiki take anatisokerera m'kati moti simungatichotse. Komanso kolala imene yatuluka matuza chifukwa nsalu yolimbitsa ya m'kati yamatuka ndi kutentha, tizitsuloti sitingaikonze. Ndinayesa pa shati yanga yakale: nsonga zinawongoka ndithu, koma matuzawo anakhala momwemo.