Seti yochotsera bawuti yothyokera mkati: ma drill bit ali bho, koma ma extractor samalani nawo

Anzanga amene mumakonza nokha galimoto pakhomo, ndati ndikuuzeni za kaseti kaja ka ma screw extractor, ena amati easy out, kamene amati kamatulutsa bawuti yothyokera mkati mwa injini. Extractor ndi kachitsulo kosongoka kopiringizika komwe mumalowetsa mu bowo lomwe mwabowola pakati pa bawutiyo nkupotoza kuti ituluke. Kanga ndi ka zidutswa 10, ma extractor 5 ndi ma drill bit 5 obowola chobwerera kumanzere, zonse mu kabokosi kachitsulo. Dzina la kampani sinditchula, maseti amenewa ambiri amangofanana, chosiyana ndi penti ya bokosi basi. Mukandifunsa kuti ndigule kapena ayi ndikuuzani kuti gulani, koma mugulire ma drill bit aja, ma extractor enieniwo muziwatenga ngati mphatso yongoikiramo, ndipo musanawagwire muyambe mwadzifunsa kuti bawutiyo yathyoka chifukwa chani.

Funso limeneli pa bokosi palibe, koma nkhani yonse yagona pamenepo. Pali bawuti yomwe imaduka mukuimanga, mwaikoka mopyola muyezo mutu nkuchoka. Imeneyo mazinga ake amakhala aukhondo, ndipo mutu ukangochoka chotsalira mkatimo sichikhalanso chokoka, nthawi zina mutha kuchizunguza ndi kansonga ka punch, kachitsulo kokhomera chizindikiro kaja, ndi hamala pang'onopang'ono chikutuluka. Ndiye pali ina yomwe imaduka mukuimasula chifukwa yagwirana ndi dzimbiri, monga ma stud, mabawuti opanda mutu aja, a ekizozi manifold kapena mabawuti a thermostat housing ndi water pump omwe akhala zaka akunyowa ndi kuuma. Ziwirizi pamaso zimaoneka chimodzimodzi, kachitsa kachitsulo mu bowo, koma ntchito yake ndi yosiyana kutalitali.

Pa mtundu woyambawo setiyi ndilibe nayo chifukwa. Ndinaiyesa pa bawuti ya M6, kutanthauza ya 6 mm, ya pa valve cover yomwe inali itadukira pansi pang'ono pa mlomo wa bowo. Timabawuti timeneti timaduka msanga chifukwa timangofuna mphamvu yomangira ya pafupifupi 10 Nm basi, munthu akatenga sipanala yaitali nkukoka ngati akumanga tayala kamathyoka kosachenjeza. Ndinakhoma punch pakati, drill nkuiika pa reverse, bit yaing'ono, kuthamanga kochepa, kadontho ka oyilo. Bit italowa mwina mamilimita atatu inangogwira, ndinamva drill ikugwedeza dzanja, kuyang'ana chidutswa chija chikubwera chokha chikuzungulira pansonga pa bit. Extractor sinatuluke nkomwe mu bokosi. Ubwino wa bit yakumanzere ndi umenewo, pamene ikudya chitsulo ikukankhiranso bawuti mbali yomasukira, komanso kutentha ndi kunjenjemera kwa kubowolako kumathandiza kuigwedeza. Bit wamba yakumanja imachita zosiyana, ikagwira imakankhira chidutswacho mkati, ndipo ngati bowo lili ndi malo kunsi chimapita kukakhala pansi penipeni, ntchito nkukula.

Ma bit a mu seti yangayi analemba kuti cobalt, ndipo akudyadi chitsulo bwino, pa bawuti ya 8.8, nambala ya pamutu yosonyeza kulimba kwake, amatulutsa timapoloka topiringizika tokongola, osati fumbi. Pa 10.9, yolimba kuposa ya 8.8, amafuna kudekha ndi oyilo wambiri, mukathamangitsa drill nsonga imasanduka ya buluu ndiye kuti yapsa, yatha ntchito. Kakang'ono kwambiri kaja, kapafupifupi 2 mm, nkosalimba, dzanja likangopendekeka pang'ono kamathyoka, ndiye pa malo opanikizika pomwe drill siima chilili ine sindikagwiritsa ntchito.

Tsopano pa bawuti ya dzimbiri, apa mpomwe ndikufuna tikambirane bwinobwino. Inali M8 ya thermostat housing, chitsulo cholowa mu aluminiyamu. Zitsulo ziwirizi zikakhala pamodzi penapake pali chinyezi zimadyana, mumaona kaufa koyera mu mazinga, ndipo kaufa kameneko kamadzaza mpata wonse bawuti nkukhala ngati anaiwotcherera. Ndinathira penetrating oil, oyilo womasula dzimbiri uja, nkusiya usiku, kukhomakhoma pang'ono ndi hamala kuti alowe, kutenthetsa mozungulira, kubowola ndi bit yakumanzere, zii, osasuntha. Ndiye ndinalowetsa extractor nambala 3, kuikhoma pang'ono kuti ilume, nkuyamba kupotoza ndi tap wrench, chogwirira chooneka ngati T. Inaluma bwino, apo sindinama. Koma nditawonjezera mphamvu ndinamva ikupotoka yokha mmanja ngati sipuling'i, chogwirira chikuyenda koma bawuti ili phee, ndipo mukamva zimenezo siyani pompo, chotsatira chake ndi kaphokoso kakang'ono koti thyo! ndipo tsiku lanu latha.

Taganizani nokha. Bawuti yathunthu ya 8 mm yalephera kupirira mphamvu yofunika kuti imasuke, yaduka. Ndiye mukubowola pakati pake nkulowetsamo kachitsulo kochepa kuposa bawutiyo nkumayembekeza kuti iko kapirira mphamvu yomweyo, zingatheke bwanji? Komanso ma extractor opiringizikawa ndi osongoka, kunsonga kochepa kumtunda kwakukulu, ndiye pamene mukupotoza akulowa mkati nkumatukumula bawuti ija kuti ikanikize kwambiri mazinga a bowo. Mukabowola bowo lalikulu khoma la bawuti limapyapyala ndiye imatukumuka kwambiri, mukabowola laling'ono extractor yolowamo ndi yaing'ono ndiye imathyoka msanga. Kulikonse mwapanikizika.

Ndipo extractor ikathyokera mkati vuto lake si lamasewera. Amaipanga ndi chitsulo cholimbitsidwa kwambiri kuti izitha kuluma bawuti, koma kulimba komweko ndi komwe kumaipangitsa kuthyoka ngati galasi mmalo mopindika, ndipo bit wamba, ngakhale ya cobalt ya mu seti momwemo, imangoterera pamwamba pake nkupsa. Pamafunika bit ya carbide, yolimba kuposa ya cobalt, kapena kuchotsa chinthu chonsecho, mwina cylinder head yonse, kupita nayo kwa anthu a machine shop akaiperese pang'onopang'ono ndi makina a magetsi aja amati EDM. Ntchito yomwe inali ya bawuti imodzi yasanduka yophwasula injini, gasket yatsopano, ndi zina zotero. Kapepala ka malangizo ka mu bokosi za izi sikanena ngakhale mzere umodzi, kangojambula zithunzi zitatu: bowola, lowetsa, potoza, munthu akumwetulira. Zinandinyansa ndithu.

Chomwe chinatulutsa bawuti imeneyo ndi kuwotcherera nati. Mumaika washala pamwamba pa chitsacho nkuiwotcherera, kenako nati yokulirapo pamwamba pa washala, kudzaza mkati mwa natiyo ndi weld, kusiya kuti izizire pang'ono, ndiye sipanala, kupita uku ndi uku pang'onopang'ono osati kukoka kamodzi. Kutentha kwa weld kumalowa mu bawuti yeniyeniyo, imafufuma kenako nkubwerera, dzimbiri lija limasweka, ndipo poti weld yachitsulo sigwira pa aluminiyamu, bowo silionongeka. Nati imatha kuchoka yokha ulendo woyamba, osadandaula, mumangowotchereranso ina, kutentha kulikonse kukuthandiza. Batire muyambe mwachotsa waya wa negative, ndipo waya wa earth wa makina owotchererawo mumange pafupi ndi pomwe mukugwira ntchito, galimoto za masiku ano zili ndi makompyuta osachedwa kupsa. Ngati mulibe makinawo kuitana wowotcherera kuli bwino kusiyana ndi kuika extractor pa chiswe.

Za moto ndinenepo pang'ono poti ambiri timangotenga blowtorch osayang'ana. Aluminiyamu ikatentha imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye kutenthetsa mozungulira bowo kumamasuladi. Koma aluminiyamu sifiira ngati chitsulo kuti ikuchenjezeni, imangosungunuka, chapa 660°C, ndipo penetrating oil amayaka, mapaipi a petulo ndi mawaya ali pompo. Pukutani kaye, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi.

Chinthu china chomwe setiyi ilibe koma popanda icho palibe chomwe mungachite ndi centre punch. Bawuti sithyoka mosalala, pamwamba pamakhala pokwera ndi potsika, bit mukangoiika imathawira mmbali nkukadya mazinga a bowo, makamaka pa aluminiyamu poti ndi yofewa kuposa bawutiyo, bit imasankha kofewako. Ngati chitsa chatulukira kunja chisalazeni ndi tupa kaye ndiye mukhome punch pakati penipeni, muyang'ane kuchokera mbali ziwiri, ngati kadontho kapita pambali kakhomeni mopendeketsa kabwerere pakati musanabowole. Ngati chadukira mkati, kachenjerero kake nkubwezeretsa housing ija pamalo pake ndi mabawuti otsalawo, ndiye bowo lake likhale lokulondolerani, mutenge bit yokwana ndendende mu bowolo mungokhudza pang'ono kuti isiye chizindikiro pakati, kenako musinthe muike yaing'ono. Komanso yezani kutalika ndi bawuti inzake yomwe yatuluka yamoyo, mukulunge tepi pa bit kuti musapyole, kuseri kwa mabowo ena kumadutsa madzi a injini kapena oyilo, mukabowoleza mwadzipangira vuto lina.

Ndipo ngati chitsa chatuluka bwino, chokwana kugwira, setiyi isiyeni mu bokosi. Vice grip, pulayazi yokiya ija, yabwino yomangitsa kwambiri, kapena kudula kamzere ndi hacksaw nkugwiritsa ntchito impact driver yokhoma ndi hamala ija, kapena ngati ndi stud yokhala ndi mazinga otsala, manati awiri omangana, kumasulira pa yapansiyo. Kubowola kuzikhala komaliza.

Tap wrench nayonso mulibe mu seti, ndipo ambiri amangotenga sipanala ya shifting nkugwira kumutu kwa extractor. Sipanala imakoka mbali imodzi ndiye kachitsulo kouma kaja kamapindidwa uku kakupotozedwa, mpomwe kamathyokera. Chogwirira cha T chimagawa mphamvu manja onse awiri mofanana, komanso chimakupatsani mpata womva zomwe zikuchitika mkatimo. Akanaikamo ngakhale kotchipa, bokosi malo alipo.

Kudandaula kwina ndi manambala. Masaizi onse analemba mu mainchesi, 5/64, 7/64, 5/32 ndi ena, pomwe galimoto zambiri zomwe timakonza mabawuti ake ndi a mamilimita, M6, M8, M10, ndiye umakhala ukuwerengera pa foni manja ali girisi yekhayekha. 5/32 ndi pafupifupi 4 mm, ndiyo ndimagwiritsa pa M8. Manambala a pa ma extractor nawo anangowadinda ndi inki, oyilo akangokhudza afufutika, pano ndimangowadziwa ndi maso. Bokosilo lokha ndilolimba, chotsekera sichitseguka chokha mu toolbox, apo ayesetsa.

Zonse zikakanika, kapena bawuti ili malo oti simungawotcherere, njira yotsala nkuibowola yonse. Pa M8 ya mazinga a 1.25 mumakwera pang'onopang'ono mpaka 6.8 mm, pa M6 mpaka 5 mm, pa M10 ya 1.5 mpaka 8.5 mm, ndipo ngati munali pakati penipeni chotsala ndi kawaya kopiringizika ka mazinga a bawuti yakale komwe mumakatokosola ndi kansonga, kenako kudutsitsa tap, kachida kodulira mazinga, kuyeretsa. Masaizi amenewa mu seti mulibe, mugula padera. Mazinga akaonongeka pali Helicoil, mumakuza bowo, kudula mazinga atsopano ndi tap yake yapadera nkulowetsa kasipuling'i kachitsulo, bawuti ya saizi yomweyo nkumanga bwinobwino, pa aluminiyamu imagwira zolimba zedi.

Pobwezeretsa, yang'anani nambala ya pamutu pa bawuti yakale, 8.8 kapena 10.9, mugule yofanana nayo, osangotola iliyonse ya mu chitini. M8 ya 8.8 nthawi zambiri imamangidwa chapa 25 Nm koma buku la galimoto yanu ndilo lonena zoona, makamaka polowa mu aluminiyamu pomwe nambala imatha kutsika. Pa ma stud a ekizozi kagirisi ka anti-seize kamathandiza kuti wodzamasula mtsogolo asadzalire, kungoti mazinga opaka girisi amaterera, torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, isanalire, bawuti imakhala itakokedwa kale kuposa youma, ndiye muchepetseko.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 3. Ma bit akumanzere okha akanatenga 5, ndipo akadzatha ndidzagula ma bit okhaokha a mamilimita. Ma extractor awiri akuluakuluwo mwina adzagwira ntchito pa bawuti yonenepa yoduka poimanga, koma nambala 1 ndi nambala 2 ndinawachotsa mu bokosi nkuwaika kwina, kuopera kuti tsiku lina nditatopa ndingadzawayese pa stud ya ekizozi.