Chitetezo mbaula yanga patatha miyezi 8

Abale amene mumafunsa za chitetezo mbaula ija, ine ndaphikira yanga miyezi 8 tsopano kuno ku Mangochi ndiye ndikuwuzeni mmene zilili. Ndi yadongo, yowotcha ngati mphika, ndinagula kwa gulu la amayi lomwe linaphunzitsidwa kuwumba ndi bungwe lina, ndipo mapulojekiti ambiri a mbaulazi ndalama zake zimachokera kumakampani akunja amene amalipira kuti utsi wowononga mlengalenga uchepe, zija amati ma carbon credit.

Nkhuni ndiye zoona zimapita zochepa, mtolo umene pamafuwa unkatha masiku atatu pano ukumafika pafupifupi sabata, tinthambi ngakhale zitsononkho zimayaka bwinobwino. Utsi wachepanso, maso sakundiwawa ngati kale ndikamakazinga usipa. Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi mapiri athuwa, tangowonani ku Namizimu mmene mitengo ikuthera, mvula ikagwa dothi limakokolokera m'nyanja ndi mu Malombe kukakwirira malo amene chambo chimaswana, kenako tonse tizidandaula kuti chambo chadula pamsika. Paki ya ku Cape Maclear kuja bungwe la UNESCO la United Nations linaizindikira mu 1984 kuti ndi malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba ngati mbuna, ndipo mbuna zimadya ndere za pamiyala, matope akakuta miyalayo zidya chani?

Vuto lake ndi kusweka basi, yoyamba inang'aluka mwana ataithira madzi ili yotentha, komanso poto wamkulu uja wa pazochitika sakhazikikapo. Musamaisiye pamvula. Ine ndawagulira kale ina apongozi anga ku Malindi.