MSC ya ku Durban, P&O, Cunard kapena Royal Caribbean: yambani mwafunsa pasipoti yanu

Anthu akamva kuti ndakwera sitima zoyendera alendo panyanja maulendo 11, funso lawo loyamba limakhala limodzi: "Nanga kampani yabwino ndi iti?" Ine funso limeneli ndimaliyankha pomaliza. Ndinakhala ku Durban zaka zingapo, pano ndimakhala ku England, ndipo maulendo onsewa ndayenda ndi pasipoti ya Malawi. Mnzathu wa pasipoti ya Britain amasankha sitima ngati akusankha chitenje pamsika, chimene chamukomera m'maso ndi chomwecho. Ife sizitero. Pasipoti ndiyo imasankha madoko, madoko n'kusankha sitima, dzina la kampani n'kubwera pambuyo.

Sitima ikamakaima m'dziko lofuna viza, kawirikawiri vizayo amaifuna ndithu ngakhale mulumbire kuti simukatsika. Amaiyang'ana tsiku lokwera, ndipo mukapezeka mulibe, mumatsala padoko ndi masutikesi anu, ndalama osabwezedwa. Ndinaonapo mayi wina akulira padoko la Southampton ku England. Ankayesa kuti chilolezo chake chokhalira ku Britain chimufikitsa ku Norway. Norway sali mu European Union, koma ali mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowa ndi viza imodzi, ndipo Mmalawi amafunika viza ya Schengen. Zilumba za Canary ndi za Spain, Madeira ndi ya Portugal, ndiye nkhani yake ndi yomweyo. Ngati sitima ikutuluka mu Schengen n'kulowanso, pemphani viza yolowera kangapo. Za ku Miami ndiye zinafika povuta: mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha ndalama chofika madola 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yokacheza. Choncho Icon of the Seas ya Royal Caribbean, chimphona chija chinayamba kuyenda mu 2024 chonyamula alendo oposa 7,000, ambiri a ife tizingochionera pa YouTube.

N'chifukwa chake kwa munthu wochokera kumudzi kapena wokhala ku Joni, MSC ya ku Durban ilibe wopikisana nayo. Si kuti ndi yabwino kuposa onse ayi. Kungoti ndi kampani yokhayo yaikulu imene imabweretsa sitima ku South Africa chaka ndi chaka n'kukhala nyengo yonse, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo madoko ake ambiri ali m'mayiko a SADC kumene sitivutika ndi viza: Mozambique, Namibia, Mauritius. Msampha uli pa Réunion. Chilumbachi ndi cha France, chili ndi viza yakeyake, ndipo chimapezeka pa maulendo ataliatali a Khirisimasi opita ku Mauritius. Werengani mndandanda wa madoko mpaka pansi.

Sitima zimene MSC imatumiza kuno zimasinthasintha. Kwabwerapo Sinfonia, Orchestra, Musica, Opera ndi Splendida. Zonsezi ndi zakale poyerekeza ndi zimene kampaniyi imayendetsa ku Barcelona kapena ku Miami. Opera ndi ya 2004, Musica ya 2006, Splendida ya 2009. Mwa zonsezi ine ndinakonda Musica. Si yaikulu moti n'kusochera, komanso si yopanikiza. Splendida ndi yotakasuka ndipo ili ndi Yacht Club, chigawo cha olipira zambiri chokhala ndi chipinda chodyera ndi dziwe lakelake, koma tsiku lotsika pachilumba kuchuluka kwa anthu kumaonekera pamzere.

Pakati pa Portuguese Island ndi Pomene, ndimasankha Pomene. Portuguese Island ndi kachilumba kopanda anthu pafupi ndi Inhaca, kunja kwa Maputo, ndipo ulendo wake wa mausiku 3 ndi phwando lenileni: amapiano mpaka mbandakucha, magulu a akuntchito, ma stokvel (magulu a chipereganyu), atsikana operekeza mnzawo wokwatiwa. Ngati mukufuna zimenezo, simudzanong'oneza bondo. Pomene ili kumpoto, m'chigawo cha Inhambane, ulendo wake umatenga mausiku 4, kuli mchenga woyera, nkhalango ya m'madzi ndi mabwinja a hotela yakale ya Apwitikizi. Anthu ake amakhala odekhako. Koma malo onse awiriwa alibe doko. Sitima imaima patali, inu n'kutsikira m'timaboti. Amene anakwerapo Ilala akudziwa kale zimenezi, mmene tinkatsikira ku Likoma kapena ku Usisya, thumba pamutu, madzi m'maondo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mafunde akakula kaputeni amangolengeza kuti lero palibe wotsika, ndipo ndalama sizibwerera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife amene tinaona zimene Freddy anachita mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Ndikakhala ndi ufulu wosankha, ndimatenga Novembala kapena Epulo.

Njira ya ku Cape Town kupita ku Walvis Bay ndi ina ndithu. Madzi a mbali imeneyo ndi ozizira, m'mawa kumachita nkhungu, ndipo juzi imafunika ngakhale mu Disembala. Ubwino wake sitima imakocheza padoko penipeni, mumatsika ndi mapazi, n'kukaona milu ya mchenga ya chipululu cha Namib ndi tauni ya Swakopmund. Kwa makolo okalamba amene sangadumphire m'kaboti kogwedezeka, njira yoyenera ndi imeneyi.

Tsopano ku Southampton, kumene kuli kusankha kwenikweni. Mtengo wa pachikwangwani musaukhulupirire msanga, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Chimene chimasiyanitsa makampaniwa kwambiri ndi kangachepe ka antchito kamene amakuwerengerani tsiku lililonse. P&O inakaphatikiza mumtengo wa tikiti kuyambira 2019, ndipo m'sitima zonse mumalipira m'mapaundi, mitengo ya zakumwa yosasiyana kwenikweni ndi ya kumtunda. Royal Caribbean imawerengera m'madola, pafupifupi 18 munthu aliyense patsiku, kuphatikizapo ana, ndiye banja la anthu 4 pa mausiku 7 lawonjezera kale madola 500 lisanagule ngakhale Fanta. Pa chakumwa chilichonse amaikaponso 18 peresenti. Cunard nayo imawerengera m'madola ngakhale imanyamuka ku England. Ku MSC zimatengera dziko limene mwagulira tikiti, ndipo pa maulendo a ku Durban ndalama ya m'sitima ndi dola, osati randi. Ambiri amadzidzimuka tsiku lomaliza akalandira bilu.

Phukusi la zakumwa nalo lili ndi lamulo limene sanena mokweza: mmodzi akagula, akuluakulu onse a m'chipindamo ayenera kugula. Bambo a kunyumba kwanga samwa mowa. Pa sitima ina tinalipira mapukusi awiri, iwo n'kumangomwa tiyi ndi madzi sabata yonse, zinthu zimene zinali zaulere kale kumalo odyera. Mpaka lero amandikumbutsa.

Pa ulendo wa ku Norway, umene ndi woyamba wabwino kwa aliyense amene wapeza viza ya Schengen, ndayesa Iona ya P&O ndi sitima ya Fred. Olsen. Iona inayamba kunyamula anthu mu 2021, imatenga alendo pafupifupi 5,200, ndipo m'chilimwe imazungulira mausiku 7 kudutsa madoko ngati Stavanger, Olden ndi Haugesund. Ku Stavanger imakocheza m'kati mwa tauni, mukangotsika mwafika. Ku Olden mumadzuka m'mawa phiri lili pakhonde penipeni, mathithi akutsika mbali zonse, ndipo mukhoza kukaona chipale cha Briksdal kapena kukwera Loen Skylift, kangolo koyenda pachingwe kokwera phiri. Malo odyera ndi ambiri, m'chipinda muli ketulo ndi tiyi monga Angelezi amakondera, ana ali ndi kosewera. Chotopetsa n'chakuti pafupifupi chilichonse muyenera kusungitsa malo pafoni, kuyambira tebulo mpaka mpando wa kuzisudzo, ndipo anthu 5,000 akatsikira m'mudzi waung'ono ngati Olden, mudziwo umasanduka msika wa Limbe.

Fred. Olsen ili ndi sitima zitatu zokha, Bolette, Borealis ndi Balmoral, iliyonse ya alendo pafupifupi 1,300. Ndi zakale, makonde ndi ochepa, mtengo ndi wokwererapo, ndipo ambiri okwera ndi agogo opuma pantchito. Usiku ukangofika pakati sitima yonse ili zii. Koma chifukwa cha kuchepa kwake imalowa m'mipata yopapatiza ya pakati pa mapiri mmene Iona singadutse, ndipo pofika tsiku lachitatu woperekera chakudya amakhala akukudziwani dzina. Imanyamukanso ku Liverpool ndi ku Newcastle. Kwa abale athu a ku Manchester, Leeds kapena Glasgow, zimenezi zikutanthauza kuti palibe ulendo wa tsiku lathunthu wopita ku Southampton, palibenso hotela yogona. Mukawerengera zonse, kusiyana kwa mtengo kumachepa. Ndili ndi ana ndingatenge Iona. Tili awiri, Fred. Olsen.

MSC Virtuosa, imene imanyamukanso ku Southampton, nthawi zambiri ndiyo yotchipa pa onse, ndipo ndi yokongola, ya masitepe onyezimira ndi denga la makanema. Pitsa yake palibe woiposa. Koma kukadzaza, pa nthawi ya tchuthi cha sukulu, anthu amaposa 6,000 ndipo kupeza tebulo lodyera kadzutsa kumakhala ngati kulimbirana minibasi madzulo. Yang'ananinso mtundu wa tikiti: Bella ndi yotsika, chipinda amakusankhirani okha, Fantastica mumasankha nokha. P&O ili ndi zofananazo, Saver ndi Select. Ine sindilolanso kusankhiridwa chipinda. Ndinagonapo pansi penipeni pa malo ovinira, ng'oma ikumveka m'mano mpaka 3 koloko.

Royal Caribbean ndi ya banja la achinyamata ojijirika. Khoma lokwera, mafunde ochita kupanga, masewero a pa ayisi, zonse zilipo, ndipo zisudzo zake zimaposa za P&O ndi MSC. Ana anga anasangalala. Ine ndinabwerako wotopa.

Cunard ndi nkhani ina. Kampaniyi inayamba mu 1840, ndipo Queen Mary 2, ya 2004, inamangidwira kuwoloka Atlantic, osati kuzungulira madoko. Ndi yaitali mamita 345. Ilala yathu, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, ndi ya mamita 52, ndiye mungandandalike ma Ilala 6 n'kutsalabe malo. Kuchokera ku Southampton kukafika ku New York ndi mausiku 7 opanda doko ngakhale limodzi. Masana kuli laibulale, nkhani za akatswiri ndi tiyi woperekedwa ndi anthu ovala magolovesi oyera. Usiku kuli gule wa awiriawiri m'holo yaikulu. Madzulo pali lamulo la kavalidwe, ndipo mausiku ena ndi a suti yakuda ndi diresi lalitali. Apa Mmalawi savutika, chilundu chosokedwa bwino chimachititsa anthu kutembenuka. Chimene ena sakondwera nacho n'chakuti malo odyera amatengera chipinda chimene mwalipira: Britannia, Princess Grill, Queens Grill. Ine sizinandikhudze, chakudya cha ku Britannia chinali chabwino kale. Popeza New York imafuna viza ya America, ndinakwera sitimayi pa ulendo waufupi wa ku Hamburg, ndipo ndi sitima yokhayo imene sindinamvemo nseru pa North Sea.

Za nseru ndinene pang'ono, poti ndi zimene zimaopsa ambiri. Ngati munapirira mwera pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, sitima izi sizingakuopseni. Malo ovuta ndi Bay of Biscay popita ku Spain ndi ku Canary, gombe la pakati pa Durban ndi Cape Town, ndi North Sea m'nyengo yozizira. Chipinda cha pakati pa sitima, chapansi, chimagwedezeka pang'ono kuposa cha kutsogolo kapena chapamwamba. Khonde ndimalilipira ku Norway kokha, kumene zooneka zili pawindo tsiku lonse. Pa mausiku 3 a ku Portuguese Island n'kutaya ndalama, m'chipinda mumangobweramo kudzasamba.

Mayina a madoko nawo amanyenga. Akalemba Rome, sitima imaima ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindamo. Paris ndi Le Havre, ulendo wa maola oposa 2 kupita kokha. Ku Venice sitima zikuluzikulu zinaletsedwa kulowa pakati pa mzinda mu 2021, ndiye zina zimaima ku Marghera, zina kutali ku Ravenna kapena ku Trieste. Poyerekeza maulendo awiri, musawerenge madoko okha, werengani maola amene sitima ikhale padoko lililonse. Madoko 4 a tsiku lathunthu amaposa madoko 6 a theka la tsiku. Ndipo mukayenda panokha, osati ndi gulu la sitima, mukachedwa sakudikirani. Mu Malichi 2024 alendo 8 a Norwegian Dawn anasiyidwa pachilumba cha São Tomé, n'kuithamangitsa sitimayo kudutsa mayiko angapo mpaka kukaipeza ku Dakar. Ife a "ndikubwera, ndili panjira" tisamale.

Chaka chino amayi akubwera kuchokera ku Zomba kudzakwera sitima koyamba. Viza ya Britain ndi ya Schengen pamodzi zikanatidyera miyezi ndi ndalama zokwanira tikiti ina, ndiye tagwirizana kukakumana ku Cape Town. Adzakwera ndege mpaka ku Johannesburg, n'kulumikiza ina, ndipo tonse tidzafika kutatsala tsiku limodzi, chifukwa ndege ikachedwa sitima siimva zimenezo. Tatenga ya ku Walvis Bay, zipinda ziwiri zoyandikana, zamkati, pakati pa sitima. Afunsa kale ngati m'sitimamo muli nsima. Ndawauza kuti anyamule juzi.