Zogwirira popanga mapushapu: za pulasitiki za m'sitolo ndi zachitsulo za ku Ndirande

Ine mapushapu ndinawayamba chifukwa cha mimba. Ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse, maso pakompyuta, ndipo lamba anali atafika pabowo lomaliza. Ndalama ya ku jimu ndilibe, ndiye ndinangoti m'mawa uliwonse ndisanasambe ndizidzigwetsa pansi pabalaza. Miyezi iwiri zinayenda bwino. Mwezi wachitatu dzanja lamanja linayamba kudandaula, pamfundo paja timamangapo wotchi. Sunali ululu woliza munthu ayi, koma kaja kobaya ukangotsamira chikhatho pansi, ngakhale podzuka pamphasa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukayala chikhatho pansi mkono uli chiimire, dzanja limapindikira m'mbuyo pafupifupi madigiri 90, ndipo kwa ambiri a ife pamenepo ndi pomwe mfundo imeneyi imathera kupindika. Mkati mwake muli timafupa 8 tating'onoting'ono tondandalikana mizere iwiri. Pa pushapu wamba manja amasenza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa thupi. Ine ndimalemera makilogalamu 84, ndiye kuti timafupa timeneti, ta manja onse awiri, ndinkatisenzetsa thumba la chimanga lathunthu ndi kena pamwamba, titapindidwa mpaka kumapeto, maulendo 60 m'mawa uliwonse.

Zogwirira zoyamba ndinazipeza m'sitolo ina ku Limbe, ya zija zogulitsa chilichonse kuyambira mafulasiki mpaka matochi. Zinali ziwiri m'kabokosi, za pulasitiki yakuda, pogwira atakutira siponji, miyendo yake yochita kulumikiza wekha kunyumba. Ndinene chilungamo, sabata yoyamba ndinazikonda. Umagwira ngati mpini wa khasu, dzanja ndi mkono zili mzere umodzi, ndipo kubaya kuja kunatha tsiku lomwelo. Mfundo ya chida chimenechi ndi yoona ndithu, vuto ndi kapangidwe kake.

Choyamba kukhumudwitsa chinali siponji. Thukuta likangoyamba, imazungulira pachogwiriracho, dzanja n'kumagwera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kubwerera pomwe umathawa paja. Miyendo yake ndi yaifupi, moti ukapendekera kumbali pang'ono chabe umamva mwendo umodzi ukunyamuka. Timphira ta pansi tinayamba kuvuka sabata yachiwiri.

Tsono kwathu Loweruka ndi tsiku la polishi. Mayi a kunyumba amapaka polishi wofiira pasimenti mpaka kumadziwonerapo nkhope. Lamlungu m'mawa, ndili pa pushapu wa nambala 14, chakumanja chinangoti tereee kuthawira panja, n'kugudubuka dzanja langa lili momwemo. Chibwano pasimenti, dzanja litapotokera kumbali. Mayi anatuluka kuchipinda akuthamanga, atandiwona ndili chafufumimba anangoti, “Abambo, mimba yomweyo ikuphetsani,” kenako n'kukatenga madzi ozizira. Mwendo wa chogwirira chija unali utathyoka polumikizira penipeni. Kusitolo anandilozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Ndinachita mwayi kuti kunali kubinya chabe, ngakhale ndinakhala masabata atatu osakhudza pansi. Kugwera padzanja chotere n'komwe kumathyola kafupa kena ka m'munsi mwa chala chachikulu, kamene kamachedwa kupola chifukwa magazi safikako okwanira, ndipo anthu ambiri amangokayesa kubinya. Pakapweteka pamenepo mutagwa, pitani akakujambuleni.

Nditachira ndinatenga chotsala chija n'kupita nacho kwa amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande. Bambo amene ndinawapeza anachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa, “Akulu, chimenechi n'chogwirira geti?” Nditawasonyeza ntchito yake pomwepo pafumbi, anyamata awo akuseka, anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza chikhatho changa.

Apa ndipo pali nkhani yonse, chifukwa mmisiri amapanga zomwe wamuuza. Pogwira tinasankha paipi yokhuthala ya mamilimita 32, yodzadza bwino m'dzanja. Yopyapyala imadinda chikhatho ngati chingwe cha ndowa. Kutalika kuchoka pansi ine ndinkafuna masentimita 15, iwo anakana. Anati chikatalika chimagwa msanga, ngati mpando wa miyendo yaitali, ndipo tinagwirizana 10, pongokwanira kuti zala zisakhule pansi. Miyendo anaipanga ya chitsulo cha makona anayi, yotalika masentimita 20 uliwonse, yogona chopingasa. Maganizo amenewo anali awo, ndipo anali olondola. Ndayesa dala kuzikankhira kumbali, sizitheka kugudubuka.

Anandilonjeza mawa lake, ndinazitenga patatha masiku anayi. Magetsi, mukudziwa kale. Powotcherera anasiya timinga tachitsulo tomwe tinandicheka chala tsiku loyamba, ndinachita kubwerera nazo kuti asalaze ndi gilayinda, ndiye inu muzipapasa musanalipire. Penti anapaka wosanjikiza kamodzi kokha. Mtengo wake sunafike pa womwe ndinalipira za pulasitiki zija.

Zotsalazo ndinamaliza ndekha. Pogwira ndinakulunga chubu chakale cha njinga, mokoka kwambiri, ndipo sichizungulira ngakhale dzanja linyowe bwanji. Pansi pa miyendo ndinamatapo zidutswa za mphira wa tayala. Pabalaza ndinasamukapo, masiku ano ndimapangira pakhonde pomwe simenti yake ndi yokhakhala.

Patha miyezi isanu ndi iwiri ndipo dzanja lili phee. Koma zitsulozi zili ndi msampha wakewake. Poti manja akwera, chifuwa chimatha kutsika kupitirira pomwe pansi pakanakuimitsa, ndipo mtima umafuna kutsika mpaka kumapeto kuti umve kukoka. Ndinatero masiku angapo, phewa lakumanzere linayamba kulira chakutsogolo. Tsopano ndimalekeza chifuwa chikafika pamzere wa manja. Zigongono nazo ndinkazitambasula ngati nkhuku youmitsa mapiko, zomwe zimapanikiza mapewa. Ndinazibweza kufupi ndi nthiti, pafupifupi madigiri 45 kuchoka pathupi, ndipo zogwirirazo ndimaziika motsata thupi, mitu yake itapendekera mkati pang'ono, pansi pa mapewa penipeni. Paipi izikhala patsinde pa chikhatho, osati kuzala, apo ayi dzanja ligweranso m'mbuyo. Chiuno chisalendewere, matako asaloze kumwamba, thupi likhale ngati thabwa. Ndikatopa n'kuwona kuti thabwa layamba kupindika ndimagwada n'kumalizira pamawondo, pomwe manja amangosenza pafupifupi theka la thupi. Poyamba ndinkachita nazo manyazi, pano ayi.

Ndisanayambe ndimazunguliza manja ndi kuwatambasula mphindi ziwiri, ndipo kawiri pasabata ndimapangako ochepa ndi zikhatho pakhoma kuti mfundo isaiwale kupindika. Mnzanga wa kuntchito anandibwereka zitsulozi sabata imodzi poti naye manja amamuvuta, koma lake linali dzanzi la usiku, pachala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati. Limenelo nthawi zambiri ndi mtsempha wopanikizika pamfundo, chitsulo sichingathandize, ndipo ndinamuuza kuti apite kuchipatala.

Amene alibe ndalama ngakhale ya mmisiri akhoza kukunga zibakera n'kuziika pachitenje chopindapinda, dzanja limawongoka chimodzimodzi, kungoti mfundo za zala zimamva kuwawa masiku oyamba. Njerwa ndiye musayese, zimapendama.

Zangazi zayamba dzimbiri m'makona chifukwa ndinaziiwala pakhonde nthawi ya mvula, zifunika penti wina mwezi ukatha. Cha pulasitiki chotsala chija mayi anachitenga, amatchingira chitseko cha kukhitchini kuti chisamamenyetseke ndi mphepo, ndipo pantchito imeneyo sichinaterereke n'kamodzi komwe.