Huji, Snapseed kapena Lightroom: iti ikutulutsa chithunzi chonga cha mu alubamu ya amayi?

Chichitikireni kitchen party ya mng'ono wanga ku Chilenje mu Lusaka, foni yanga sikupuma. Aliyense akufunsa kuti zithunzi zija zooneka ngati za kalekale ndinazipanga bwanji. Ndiyankhe kamodzi pano basi, poyerekeza ma app atatu a pafoni okonzera zithunzi.

Chimene tonse tikusaka n'chithunzi chonga chija ankajambula bambo wa panjinga Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, n'kudzabweretsa patatha masabata awiri. Timchenga pankhope, zakuda zosadetsetsa, mitundu yofwifwa pang'ono, ndi deti lofiirira pakona.

Huji Cam imakupatsani zonsezo musanaganize n'komwe. Imatsanzira tikamera totaya tija ta 1998, deti lomwe imalemba, komanso imathira kuwala kofiira m'mbali ngati filimu yalowa dzuwa. Koma kuwalako imaika pomwe yafuna yokha. Posewera ndi anzanu ku East Park ili bwino, osati pa mwambo umene sudzabwerezedwa.

Snapseed ndi ya Google, yaulere, ndipo siidya malo ambiri m'foni. Grainy Film yake imaika timchenga tabwino ndithu. Ngati muli ndi changu, imani pomwepa.

Tsono nkhani ya khungu, pamene ine ndinapsa. Ndinaona munthu wina pa intaneti akugulitsa ma preset khumi (makonzedwe a mitundu opangiratu, ongoika pa chithunzi), ati amatulutsa mitundu ya mafilimu a Kodak Gold 200 ndi Portra 400. Zitsanzo zake zinali zokongola zedi. Sindinadzifunse kuti bwanji onse a m'zitsanzomo anali azungu a kunyanja. Ndinatumiza K250 pa mobile money, anandipatsa mafayilo a DNG okhala ndi ma preset aja. Nditaika yoyamba pa chithunzi cha apongozi, nkhope yawo inatuwa ngati munthu amene wasamba osadzola m'nyengo ya Juni. Yachiwiri inawasandutsa papaya lakupsa. Chitenje chawo chobiriwira chinaoneka ngati chachapidwa zaka khumi, mano okha ndiwo anatsala oyera. Nditadandaula anati alipo ena "a khungu lakuda", koma ndiwonjezere K100. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndipo dzina lake sinditchula kuopa kumupezera makasitomala.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Ma preset ambiri amachotsa mphamvu ya mtundu wa orenji n'kukweza zakuda kuti zifwifwe. Khungu lathu limakhala mu orenji momwemo ndi m'malo amdima a chithunzi, ndiye zonse ziwirizo zimagwera pankhope. Vutoli silinayambe ndi mafoni: m'zaka za m'ma 1950 malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'ana khadi lokhala ndi mzimayi wachizungu, lija ankalitcha Shirley card. Mukaona agogo m'zithunzi zakale akuoneka maso ndi mano okha, si kuti ankabisala.

N'chifukwa chake ndakakamira pa Lightroom ya pafoni, mbali yake yaulere. Imafuna kutsegula akaunti ya Adobe, komanso masiku oyamba imasokoneza mutu, ndivomere. Koma zonse zili m'manja mwanu. Pa Curve, mzere wosinthira kuwala ndi mdima, ndimakweza kadontho ka pansi kumanzere pang'ono chabe, zakuda n'kufwifwa. Ndimatenthetsa chithunzi pang'ono, ndichepetseko mphamvu ya zobiriwira ndi za buluu. Ndikatero ndimapita pa Color Mix, n'kugwira orenji yekha: ndimabwezera mphamvu yake mpaka nkhope ifanane ndi munthu amene ndimamudziwa. Timchenga ndimaika pomalizira. Fumbi la mu Okutobala ndi maluwa a jakaranda a m'misewu ya ku Rhodes Park zimatuluka bwino kwambiri ndi njira imeneyi. Deti lapakona lokha ndilo Lightroom ilibe, ndipo ine sindilisowa.

Ena mundifunsa za app ina ya zithunzi, VSCO. Mitundu yake ndi yabwino, koma yambiri ili kuseri kwa malipiro, ndipo ine zolipira ndinalapa.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document. Mukatumiza mwachizolowezi, chithunzi chimapanikizidwa, timchenga tija n'kusanduka phala. Za kitchen party zija ndinachita kutumiza kawiri, azakhali a ku Matero atafunsa ngati kamera yanga inali ndi mafuta pagalasi.