Inveta ya m'galimoto yogonamo, patatha miyezi 14

Ndalama za ku South Africa zokwana R1,850 zimene ndalipira kwa katswiri wa zamagetsi sabata yatha ndi zimene zandichititsa kulembanso za inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya mawati 2,000 imene ndinaika m'galimoto yathu yogonamo paulendo, chifukwa nditangoigula ndinafulumira kuiyamikira.

Pa ntchito zing'onozing'ono sinandikhumudwitsepo. Laputopu, mafoni ndi mabatire a kamera zimatchajika bwino, ndipo siidya batire kwambiri ikakhala yongoyatsa.

Vuto lake ndi kutentha. Linayamba mu Januwale tili ku Twee Rivieren, m'malo osungira nyama zakutchire a Kgalagadi ku South Africa, kumene masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Mayi a kunyumba anayatsa ketulo ya mawati 1,500, ndipo madzi asanawire inveta inalira katatu, kanyali kofiira kanayaka, magetsi n'kuzima. Nditatsegula bokosi la pansi pa bedi mmene imakhala, munatuluka mpweya ngati wa mu uvuni wa njerwa, ndipo chitsulo chake sichinkagwirika. Tinadikira theka la ola kuti izizire, tiyi n'kumuphika pa gasi. Kuchokera pamenepo zinkachitika pafupifupi ulendo uliwonse, ngakhale kunja kutazizira.

Katswiri uja anandifotokozera kuti inveta imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu kukhala kutentha, choncho ketulo ikamagwira ntchito m'bokosimo mumakhala ngati mwayatsidwa kambaula ka mawati 150. Kuwonjezera apo, pa batire ya 12V ketulo yotere imakoka ma ampu oposa 130, pamene mawaya amene anabwera ndi invetayo anali opyapyala. Atamasula anapeza fani itadzaza fumbi lofiira la ku Kalahari, ndipo nati imodzi inali itakhwefuka ndi mabampu a msewu mpaka waya unada pamutu. Anaika mawaya okhuthala a 50mm² afupiafupi ndi kuboola bokosilo mbali ziwiri kuti mpweya uzidutsa. Loweruka ndinawiritsa ketulo kanayi motsatizana ndipo sinazime, ngakhale kuti mayeso a mu Julayi ku Johannesburg sangafanane ndi dzuwa la Januwale.

Chimene chikundiwawabe ndi wogulitsa. Nditamuimbira, anandiuza kuti miyezi 6 imene lamulo la ku South Africa loteteza ogula la Consumer Protection Act limapereka yobwezera katundu inali itatha, ndiponso kuti chitsimikizo chawo cha chaka chimodzi sichikhudza vuto lobwera ndi kaikidwe, chonsecho ndi iye yemwe anandiuza m'sitolo kuti pansi pa bedi ndi pamalo pabwino. Ketulo ikawira bwino ndimaikhululukira invetayi, koma ndikaphatikiza R6,500 yogulira ndi R1,850 yokonzetserayi, ndimaona kuti ndikanagula yodziwika bwino n'kuikitsa kwa katswiri kuyambira pachiyambi. Mafyuzi amene ndikufuna mwezi uno ndikagula kusitolo ina.