Loboti, ukonde kapena ndowa: kufufuza tizidutswa ta pulasitiki m'madzi

Madzi a Likhubula, Lichenya ndi Thuchila amakathera mu Ruo, womwe umakumana ndi Shire ku Chiromo, choncho jumbo lotayidwa pa msika wa Chitakale likhoza kudutsa mu Zambezi mpaka kunyanja ya mchere ya Indian litanyenyeka kukhala tizidutswa tosakwana mamilimita 5. Ophunzira a ku MUST, yunivesite ya sayansi ndi luso la makono kuno ku Thyolo, amene akufuna kufufuza tizidutswati ayenera kusankha chida mosamala.

Loboti yoyendetsedwa ndi chingwe, yomwe akatswiri amaitcha ROV, ndiyo imafika kumene munthu sangafike. Woiyendetsa amakhala m'sitima akuona zonse pa kamera, pamene iyo ikupopa madzi kudutsa m'sefa kapena kutapa matope apansi. Ndi loboti yotere, ofufuza a ku Monterey Bay ku California anapeza mu 2019 kuti tizidutswa tambiri tili pakati pa mamita 200 ndi 600 kuchokera pamwamba pa madzi a m'nyanja ya kumeneko, ndipo mu 2020 bungwe lofufuza za sayansi la CSIRO la ku Australia, litapima matope otapidwa ndi ROV, linayerekeza kuti pansi pa nyanja za dziko lonse pali matani pafupifupi 14 miliyoni a tizidutswati. Vuto lake ndi mtengo, popeza imafuna sitima, akatswiri ndi zipangizo zosinthira zochokera kunja. Inzake yopanda chingwe, AUV, imayenda yokha mtunda wautali, koma imadalira batire ndipo ikasochera kuipeza n'kovuta.

Ukonde wokokedwa ndi boti ndi wotchipa ndipo umasefa madzi ambiri, komabe umangotola zoyandama, ndipo maso ake, amene nthawi zambiri amakhala mamilimita 0.3, amaphonya ulusi wopyapyala wothothoka ku zovala za nayiloni. Ndowa yachitsulo ndi sefa ya maso ang'onoang'ono kwambiri zimaugwira ulusiwo, ngakhale madzi ake ndi ochepa, kotero pamafunika kutunga malo ambiri.

Chimene otsatsa maloboti satchula kawirikawiri n'chakuti kamera payokha sitsimikiza kuti kachidutswa ndi pulasitiki osati mchenga kapena kachikamba ka nkhono. Zimenezo zimadziwika mu labotale, ndi makina onga FTIR, amene amazindikira mtundu wa chinthu pochiunika ndi kuwala. M'mitsinje yathu yosazama, yodzaza miyala komanso yofiira ndi matope nthawi ya dzinja, ndikuona kuti ndalama ya loboti imodzi ingagwire ntchito yaikulu itagula maukonde, masefa ndi makina opimira.